Kalata kwa a Meya ndi makhansala a mzinda wa Zomba: ife a m'nyumba za lendi tikadandaule kuti za phokoso?

Olemekezeka a Meya, makhansala ndi akuluakulu onse a khonsolo ya mzinda wa Zomba,

Kalatayi ndailemba poyera kuti anzanga okhala m'nyumba za lendi ku Chinamwali, Matawale, Chikanda, Sadzi, Mpondabwino ndi ku Ndola aiwerengenso, chifukwa nkhani yake si yanga ndekha. Ambiri mwa ife sitikugona mokwanira chifukwa cha phokoso lochokera kuseri kwa khoma kapena pa puloti yoyandikana nayo. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, n'chifukwa chake ndayamba ndine kulankhula.

Pempho langa ndilinene pachiyambi pomwe. Munthu wa lendi akavutika ndi phokoso alibe khomo loti akagogode. Kulikonse kumene angapite, yankho limakhala limodzimodzi: ngati simukufuna, samukani. Ndikukupemphani kuti mzinda uno utipatse yankho lina, ndipo mphamvu yochitira zimenezo muli nayo.

Anthu ambiri akamva nkhani ya phokoso amathamangira kunena kuti a masiku ano alibe khalidwe. Khalidwe lili ndi mbali yake, koma lowani kaye m'nyumba ya mdadada muone mmene inamangidwira. Zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zandondozana pansi pa denga limodzi la malata. Khoma lolekanitsa banja ili ndi linzake ndi lopyapyala, ndipo limathera pamene pagona mitanda, osafika kudenga. Siling'i mulibe. Pamwamba pa khomapo patsala mpata woti mwana atha kudutsapo, moti aneba akayatsa getsi usiku kuwala kwake kumagwera pa neti yanu. M'nyumba yotere mumamva munthu akutsokomola, akutembenuka pa bedi, akuwerenga ndalama za geni ndi mkazi wake. Mumadziwa amene wakanika kubweza ngongole ya banki m'khonde ngakhale sanakuuzeni. Zonsezo timapirira, chifukwa nafenso akutimva chimodzimodzi.

Tsono m'nyumba yomweyo mulowe sabuwufa. Mawu a munthu kapena a kawailesi kakang'ono khoma limawachepetsako, koma kugunda kwa besi sikuopa njerwa. Kumayenda m'khoma ndi pansi, malata n'kumayankhira pamwamba. Kwathu makapu a pa shelefu amayamba kunjenjemera n'kumagundana okha, ndipo ukagona chafufumimba kugundako umakumvera m'chifuwa. Thonje la m'makutu silithandiza kanthu. Mwini wailesiyo mwina sadziwa n'komwe kuti zafika potero, poti iye akumva nyimbo yathunthu, pamene inu kukufikani kugunda kokhakokha kopanda mawu, kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 1999, linanena kuti munthu agone bwino phokoso la m'chipinda chogona lisapose madesibelo 30 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). Anthu awiri akamacheza bwinobwino amafika kale cha m'ma 60. Bungwe lomwelo lakhala likuchenjeza kuti phokoso losokoneza tulo kwa nthawi yaitali limayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi komanso matenda a mtima. Ndiye ganizirani amene akugona m'nyumba zimenezi. Muli namwino wa ku chipatala chachikulu cha Zomba amene m'mawa akukabaya jekeseni ana a anthu. Muli mnyamata wa kabaza amene m'bandakucha akukakweza mayi ndi mwana panjinga yamoto n'kulowa mumsewu wa M3. Muli mlonda amene amagona masana okha. Muli mtsikana wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE, mayeso amene ofesi yake yaikulu ya MANEB ili mumzinda wathu womwe uno. Onsewa akaperewera tulo, amene amapwetekerapo si iwo okha.

Mwina mundifunsa kuti bwanji osangokambirana pachinansi. Timayesa. Ine ndinadikira kuti kuche, ndinamupatsa moni mnzanga wa khomo loyandikana nalo, kenaka ndinati, "Achimwene, chonde usiku muzitsitsako pang'ono, ana akumalephera kugona." Sanakwiye. Anangoti, "Aneba, inenso ndimalipira lendi ngati inu nomwe." Ndipo sananame. Wa lendi alibe ulamuliro pa wa lendi mnzake. Kuwonjezera apo, mpopi ndi umodzi, bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi, ndipo m'malo ambiri mita ya magetsi ndi imodzi yomwe timasonkherana mayunitsi. Ukayambana ndi munthu usiku, m'mawa mukumana pa mpopi. Ukabwereza kudandaula, mbiri imafala pa puloti yonse kuti uje ndi wansanje, zamupweteka kuti mnzake wagula wailesi. Amayi okhala okha ndi ana amaopanso zoposa pamenepa, chifukwa amene akuchita phokoso akakhala ataledzera, kugogoda pa chitseko chake usiku n'kudziika pa ngozi. N'chifukwa chake ambiri amangokhala chete, mtima uli wakuda.

Kwa eni nyumba nako n'kovuta. Ambiri sakhala pa pulotipo. Ena ali ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ena kudera lina la mzinda uno, ndipo lendi imawapeza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Phokosolo sanalimvepo. Anga nditawaimbira foni anati, "Bambo, zimenezo kambiranani nokha, nonse ndinu akuluakulu." Nditabwerezanso anati, "Ngati nyumbayo yakukanikani nenani, alipo ambiri akuifuna." Apanso panalibe bodza. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzinda wa Zomba, ndipo chiwerengerocho chikukwerabe. Kuyambira pamene Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu 1973, mzinda uno wakhala ukulandira ophunzira chaka ndi chaka, ndipo lero ambiri mwa ophunzira a pa University of Malawi amagona kunja kwa sukulu, ku Chikanda ndi madera ena oyandikira. Nyumba ndi zochepa, ozifuna ndi ambiri. Mwini nyumba sataya kanthu wodandaula akachoka.

Wotaya ndi wosamukayo. Kuti mupeze nyumba ina mulipire ejenti ndalama yongokuonetsani, ndipo mutha kulipira kangapo musanapeze yokukomerani. Mukaipeza akufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Mupeze galimoto yonyamula katundu, kabati ithyoke mwendo panjira, ana atalikirane ndi sukulu yawo, mayi wogulitsa mandasi pakhomo ataye makasitomala amene anawazolowera. Chopweteka kwambiri n'chakuti nyumba timakaziona masana. Nthawi ya 10 koloko m'mawa paliponse pamakhala zii. Mumadzazindikira usiku woyamba, ndalama zitapita kale, kuti kuseri kwa mpanda kuli bawa. Munthu amene sanalakwe ndiye amalipira chindapusa, wochita phokoso n'kutsala akudikira wa lendi wina.

Apa ndafika pa phokoso limene silichokera kwa mnzathu wa khoma limodzi, ndipo limeneli likukhudzani inu mwachindunji. Pakati pa nyumba zogona anthu pali mabawa ndi mashabini amene zimkuzamawu zawo amaziika pakhonde, zitayang'ana kumsewu, kuti ziitane makasitomala. Pali nyumba zoonetsera mpira wa ku Ulaya umene nthawi zina umatha cha pakati pa usiku, chigoli chilichonse mudzi wonse n'kudzuka. Magetsi akazima majenereta amayamba. Pali owotcherera zitsulo amene amagwira ntchito usiku chifukwa ndi pamene magetsi abwera. Anthu onsewa akusaka chakudya cha ana awo, ndipo sindikufuna kuti wina atsekeredwe geni yake. Koma bizinezi imene phindu lake likuchokera pa tulo ta mabanja makumi awiri oyandikana nayo ikudya za eni. Ndipo amene anakhalapo kumunsi cha ku Likangala akudziwa mmene mawu amayendera patali usiku wozizira wa mu June ndi July, moti nyimbo ya bawa imene simukuiona n'komwe imamveka ngati ili pawindo.

Nkhani ya mapemphero ndiinena mosamala chifukwa inenso ndine wopemphera. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo ufulu umenewo ndimaulemekeza ndi mtima wonse. Zomba ndi mzinda wa Akhristu ndi Asilamu okhala khomo ndi khomo. Belu la tchalitchi ndi kuitana kwa ku mzikiti m'bandakucha tinakula nazo, zimatenga mphindi zochepa ndipo ambiri timadzukira pomwepo. Chimene chikutivuta ndi nyumba yogonamo imene yasanduka kachisi, momwe anthu osakwana makumi atatu akupemphera usiku wonse ndi zimkuzamawu zokwanira bwalo la mpira. Onse amene ali m'katimo atha kumva mlaliki popanda maikolofoni. Zimkuzamawuzo ndi za ife amene tili kunja, ndipo pakati pathu pali makanda, odwala ndi okalamba. Wa lendi akayerekeza kudandaula amauzidwa kuti akulimbana ndi ntchito ya Mulungu, ndipo ndi ochepa amene angalimbe mtima kumva mawu otero. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti mumzinda muno ndi anthu omva. Mutawaitana n'kukhala nawo pansi, ndikukhulupirira kuti iwo eni angathandize kuika malire.

Za maliro sindikunena. Nyimbo za pa siwa palibe Mmalawi amene angaziyese phokoso. Chinkhoswe ndi ukwati nazo zimabwera kamodzi, ndipo mwini wake akayenda makomo kudziwitsa anansi, tonse timapirira mokondwa. Mwana wolira usiku, ana osewera pabwalo, mayi wosinja m'mawa, umenewo ndi moyo wa pamudzi. Dandaulo langa ndi la phokoso la makina, lobwerezabwereza, limene munthu angathe kulitsitsa ndi chala chimodzi koma sakufuna.

Malamulo alipo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo a mumzinda ndi kuletsa zinthu zosowetsa anthu mtendere. Malo ogulitsira mowa amayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo chiphasocho chimayenda ndi maola ake. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, limawerengera phokoso pakati pa zinthu zowononga malo okhala anthu. Lamulo la mapulani a malo la mu 2016 limafuna kuti munthu apemphe chilolezo asanamange kapena kusintha ntchito ya nyumba. Koma zonsezi zili m'mabuku a Chingerezi, ndipo mayi wogulitsa tomato mumsika wa Zomba sangatengere mnansi wake kukhoti chifukwa cha tulo. Alibe ndalama, alibe nthawi, ndipo mlandu usanathe adzakhala atapatsidwa kale notisi. Chimene akusowa ndi chinthu chapafupi chimene angachigwire m'manja.

Choyamba, maola a bata akhale odziwika kwa aliyense. Ine ndikanakonda kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, koma inu mutha kukambirana ndi anthu n'kusankha. Chachikulu n'chakuti alembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, amatidwe m'misika, pa depoti ndi m'zipatala, ndipo alengezedwe pa mawailesi a mumzinda muno monga YONECO FM ndi Chanco Community Radio. Anthu ambiri ochita phokoso si ouma mtima. Akungosowa malire amene si a mnansi wawo. Ndikanakhala ndi pepala la khonsolo m'manja tsiku limene ndinalankhula ndi achimwene aja, nkhani sikanakhala ya ine ndi iwo. Ikanakhala ya lamulo limene likutimanga tonse awiri, ndipo m'mawa tikanapatsana moni pa mpopi popanda kuipidwa.

Kenaka pakhale munthu m'wodi iliyonse wolandira madandaulo otere, wodziwika dzina ndi nambala ya foni, wogwira ntchito limodzi ndi mabuloko lida komanso a chitetezo cha m'madera. Amvere wa lendi monga mmene angamverere mwini puloti. Ndikunena izi chifukwa pa milandu ya m'madera mwathu mwini malo amaonedwa ngati mbadwa, pamene wa lendi amaonedwa ngati wodutsa, ngakhale atakhala pamalopo zaka khumi, ana ake onse atabadwira pomwepo. Kumene eni nyumba amalipira msonkho wa malo ku khonsolo, ndalamayo imachokera mu lendi yathu. Pa chisankho timaima pamzere womwewo kusankha khansala. Ndife anthu anu. Wolandira madandauloyo asaulule dzina la wodandaula, ayambe ndi kuchenjeza, ndipo chindapusa chikafika poperekedwa chikhale cha lisiti. Sindikufuna kuti kalata yanga isanduke chifukwa choti anthu ena azilanda mawailesi a amphawi usiku n'kumawawombolesa ndi ndalama za m'thumba.

Pa ziphaso za mabawa ndi malo oonetsera mpira, pempho langa ndi lophweka. Nthawi yowonjezera chiphaso ikakwana, afunsidwe anthu ogona m'nyumba zoyandikana nawo, a lendi omwe. Zimkuzamawu zikhale m'kati, zitayang'ana kwa makasitomala. Amene wachenjezedwa mobwerezabwereza osasintha adziwe kuti chiphaso chake chili pa chiswe.

Koma mtima wanga uli kwambiri pa khoma lija. Kukweza khoma lolekanitsa mabanja kuti lifike kudenga ndi ntchito ya njerwa zochepa ndi mmisiri wa tsiku limodzi kapena awiri. Poyerekeza ndi lendi imene nyumbayo idzabweretse pa zaka makumi awiri, ndalama yake ndi yaing'ono zedi. Mpata umenewo ukatsekedwa, theka la mikangano ya pa mdadada latha, ndipo banja lililonse lapeza ulemu woti mwamuna ndi mkazi wake akambirane zawo popanda ana a eni kumva. Mpata womwewo ndi umene utsi ndi moto zimadutsira kuchoka khomo lina kupita linzake. Mukamavomereza mapulani a nyumba zobwereketsa, khoma lofika kudenga likhale lamulo. Kwa nyumba zimene zilipo kale, apatseni eni ake nthawi yokwanira, chaka kapena ziwiri, koma tsiku lidziwike. Chimodzimodzi nyumba zimene zagawidwa ndi mapulanga opyapyala kuti mulowe ophunzira ambiri. Ophunzirawo anthu amawadandaula kuti ndi aphokoso, ndipo ena alidi otero, koma ambiri mwa iwo akuvutika ngati ife, akuyesa kuwerenga m'kachipinda kamene chilichonse cha mnzawo akuchimva.

Eni nyumba asenzenso mbali yawo. Amene akulandira ndalama mwezi ndi mwezi asamanene kuti za pa puloti yake sizikumukhudza. Khonsolo itakonza kapepala kamodzi ka mgwirizano wa lendi, ka tsamba limodzi, ka m'Chichewa, kopezeka mosavuta, momwe mwalembedwa maola a bata ndi zimene mwini nyumba achite akalandira dandaulo, ambiri angakagwiritse ntchito. Lero ambiri timalowa m'nyumba ndi mawu apakamwa okha, ndipo zikavuta mawu a mwini nyumba ndiwo amapambana.

Pali phokoso lina limene sindikufuna kuti lizimitsidwe ndi chenjezo. Aliyense amene anagonapo pa mdadada analimvapo: mbale zikusweka, thupi likugunda kukhoma, mayi akulira motsitsa mawu kuti ana asadzuke. Timagona maso ali gwa, wina akudikira kuti mnzake ayambe kutuluka, ndipo m'mawa timapatsana moni ngati sitinamve kanthu, poti amati za m'banja salowerera. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo ku polisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Munthu amene mumuike kuti azilandira madandaulo a phokoso aphunzitsidwe kusiyanitsa. Akamva zotere asauze banjalo kuti lizimenyana mwakachetechete. Adziwe kumene angatumize uthenga usiku womwewo, ndipo anansi adziwe kuti akaimba foni dzina lawo silituluka.

Zomba linali likulu la dziko lino mpaka mu 1975, ndipo nyumba za nthawi imeneyo m'munsi mwa phiri zinamangidwa motalikirana, pakati pali mitengo ndi kapinga. Kumeneko usiku kumakhala bata, ndipo n'zotheka kuti munthu akhale mumzinda uno zaka zambiri osadziwa zimene ndalembazi. Sindikuimba mlandu aliyense pa chimenecho. Ndikungopempha kuti mubwere mudzamve nokha. Sankhani Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, cha m'ma 11 koloko usiku, musiye galimoto pamsewu, mulowe wapansi m'tinjira ta ku Chinamwali kapena ku Chikanda, ndipo mupemphe banja limodzi la pa mdadada kuti mukhale nalo m'nyumba kwa mphindi makumi awiri.

Mukatero, nkhaniyi muiike pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo yonse, ndipo msonkhanowo usanachitike khansala aliyense aitanitse anthu a m'wodi yake, a lendi, eni nyumba, eni mabawa ndi atsogoleri a zipembedzo. Tsiku lake mulilengeze pa wailesi, ndipo likhale Loweruka masana, chifukwa pakati pa sabata ambiri mwa ife timakhala tili ku ntchito ndi ku geni.

Ndine wanu,
Wokhala m'nyumba ya lendi mumzinda wa Zomba